Mutu wa Mfumu Sumetedwa

Mu ufumu wa Zapita, dziko la kuseri kwa mapiri kumene mvula imafika mochedwa ndipo malonjezo safika n'komwe, munali lamulo limodzi limene ngakhale mwana woyamba kumene sukulu ankalidziwa: chimene Mfumu yaiwala, sichinachitike.

Makolo amene anaika lamuloli ankafuna zabwino, kuti milandu isamakhalitse. Sanadziwe kuti kudzabwera Mfumu Tsekakhomo Wachiwiri, munthu wamtali ndi wanthabwala, amene atakalamba anagwidwa ndi matenda oiwala a ukalamba aja omwe azachipatala amati dimenshiya. Mfumuyi inayamba ndi kuiwala pamene yaika ndodo. Kenaka inaiwala mayina a zidzukulu. Tsiku limene inaiwala mlatho wa pa mtsinje wa Dikirani, umene inalonjeza chala chili m'mwamba, mitima ya nduna zake inakhala pansi, ndipo kuyambira pamenepo makosi awo anayamba kunenepa.

Lolemba lililonse wolengeza wa boma ankafika pa msika wa Tazolowera ndi chimkuzamawu kudzauza anthu zimene Mfumu yaiwala sabata imeneyo.

"Tamverani nonse! Mfumu yaiwala njala ya chaka chatha. Choncho chaka chatha kunalibe njala!"

"Zikomo kwambiri, bwana," anayankha mayi wina wogulitsa tomato, akuingitsa ntchentche. "Ndiye kuti tinangoonda mwa kufuna kwathu. Inali fashoni."

Kunyumba yachifumu kunali munthu mmodzi yekha amene sankaona chokoma m'zimenezi. Anali Mfumukazi, a Nangondo, mayi wamfupi wa liwu losasowa chimkuzamawu, wobadwira kuseri kwa msika wa Tazolowera komweko. Iwowa anakwatiwa Mfumu isanalote n'komwe za mpando, ikadali mphunzitsi woyenda pa njinga yopanda mabuleki. Ena onse ankati Mwini Dziko, koma a Nangondo ankangoti a Mbewe, monga ankatchulira kale. Pa bwalo la nduna ankakhala pambali pa mwamuna wawo n'kumamunong'oneza, ndipo kunong'ona kwa a Nangondo kunkamveka mpaka kwa alonda a pa geti.

"A Mbewe, mlatho uja munalonjeza. A Mbewe, wakhala apoyo ndi yemwe uja anagulitsa feteleza wa anthu."

Nduna Yaikulu, a Chikhutiro, bambo wa mimba yotsogola ndi mawu ofatsa, ankawayang'ana ndi diso loipa, koma analibe pogwira. Pogwirapo panapezeka m'mawa wina pamene Mfumu inatembenuka pa mpando, n'kuyang'ana mkazi wake mwaulemu wonse, n'kufunsa kuti, "Mayi, mwabwera kudzaona ndani?"

A Nangondo anamva ngati wina wawatsira madzi ozizira kumsana. Anali atazolowera kuona mwamuna wawo akutaya zinthu chimodzichimodzi, koma sanaganizepo kuti iwonso ali pa mzere. Anamwetulira n'kumukonza kolala, pamene mtima wawo unali kulira. A Chikhutiro nawonso anamwetulira, koma awo mtima unali kuvina.

Bwalo silinachedwe. Zinthu zina ku Zapita zimatenga zaka, koma nkhani iyi anaimaliza tiyi asanazizire. Anagamula kuti pa Tsiku la Chikumbutso, chikondwerero chachikulu cha pambuyo pokolola, chimene palibe ankadziwa kuti chimakumbutsa chiyani, Mfumu idzafunsidwa pamaso pa anthu dzina la mayiyu. Ikadzalephera kulitchula, ndiye kuti ukwati sunachitike, ndipo mayiyu adzatuluka m'nyumba yachifumu tsiku lomwelo.

Nyumbayo a Nangondo sankaidandaula. Inali yozizira, ndipo munthu ankatopa asanafike kukhitchini. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chakuti akachoka, adzamukumbutsa ndani bambo uja kumwa madzi? Adzamugwira dzanja ndani akadzidzimuka n'kuyamba kufunafuna mayi ake omwe anamwalira kalekale? Anthu a makosi onenepa aja adzangomukhazika pa mpando n'kumamuuza zoti aiwale.

M'masiku omwewo kunabwera Dokotala Chikopa, mayi wachitsikana wa m'dziko lomwelo amene anakaphunzira kutsidya kwa nyanja. Anabwera ndi makina m'bokosi, ndipo a Nangondo atamva za iye anamukokera pa bwalo la nduna, osapempha n'chilolezo chomwe.

"Olemekezeka," anatero Dokotala Chikopa, "makina awa ndi pachibale ndi a sikani aja ounikira amayi oyembekezera. Kusiyana kwake, awa amavalidwa kumutu ngati chipewa cha wokwera njinga yamoto. Amatumiza kulira kosamveka ndi khutu la munthu mpaka mkati mwa ubongo, kukagwedeza pang'onopang'ono malo amene agona. Ndinene poyera, sindikulonjeza kuchiza. Ndi njira imene tikuiyesa. Ena imawathandizako, ena ayi."

Nduna zinayang'anana. Munthu wokana kulonjeza anali asanaonekepo pa bwalo limenelo.

"Mwati mimba?" inafunsa nduna ina imene inali itangodzuka kumene. "Mfumu ili ndi mimba?"

"Ayi, bwana. Ndati mutu. Timameta wodwala mpala, timamupaka mafuta oterera, kenaka timamuveka chipewachi."

Pamenepo a Chikhutiro anaimirira, nkhope ili ndi chisoni cha munthu amene wapeza chimene amafuna.

"Mwana wanga, waphunzira kwambiri, koma kwanu wakuiwala. Mutu wa Mfumu sumetedwa. Chisoti chachifumu sichivulidwa pamaso pa munthu. Komabe ife sitikana chitukuko. Ku Zapita kuno Mfumu siilawa yokha chakudya, pali woilawira. Siidula yokha riboni, pali woidulira. Pamaliro siilira yokha, pali woilirira. Nanga ichire yokha bwanji ngati munthu wopanda antchito? Tili ndi Nduna ya Zoimirira. A Gwetsani, konzekani. Mukachira m'malo mwa Mfumu."

Bwalo lonse linaomba m'manja. A Nangondo ananena mawu ena amene mlembi wa bwalo anasankha kusawamva.

A Gwetsani, amene pa moyo wawo wonse anali atadya maphwando osawerengeka m'malo mwa Mfumu osadwalapo m'mimba, anametedwa mpala mbee, anapakidwa mafuta, navekedwa chipewa. Wolengeza anathamangira ku msika.

"Tamverani nonse! Mfumu yayamba kulandira chithandizo, ndipo ikupeza bwino kwambiri, kudzera mwa a Gwetsani!"

"Koma ndiye zafewa," anatero mayi wa tomato uja. "Mawa ndituma mlamu wanga akandichotsere dzino. Likundiwawa ine, koma iye ndiye ali ndi nthawi."

Tsono zimene zinachitika pambuyo pake anthu amatsutsanabe mpaka lero. Ena amati anali makinawo. Dokotala ankati ubongo wa a Gwetsani unalibe matenda alionse, ndipo mwina chinawasokoneza ndi kugona chete kwa nthawi yaitali popanda wowaombera m'manja, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo. Mulimonsemo, tsiku lina ndunayi inapita kukatsegula mjigo pafupi ndi msika. Lumo lili m'manja, riboni ili patsogolo, a Gwetsani anayang'anitsitsa mjigowo, nayang'ana mtengo wa mango umene unali pambali pake.

"Abale," anatero pa chimkuzamawu, "mjigo uwu ndinautsegula kale. Chaka chatha ndinautsegula. Chaka chinacho ndinautsegulanso. Ndipo madzi sunatulutsepo."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Amayi analuluta. Aka kanali koyamba kumva zoona kuchokera pa nsanja, ndipo ambiri anapita kwawo akuti mwambo wotsegula mjigowo wakoma kuposa zaka zonse.

Nduna zinagwidwa nthumanzi. Ngati makina achita zimenezi pa woimirira, nanga pa mwini wake? Anagamula mwachangu kuti Mfumu yachira mokwanira, a Gwetsani akapume kumudzi tsitsi limere, ndipo makinawo, monga mphatso ya boma kwa anthu ake okondedwa, apite pamodzi ndi dokotala uja ku kachipatala ka ku Tazolowera.

"Amphawi akumbukire mmene angafunire," anatero a Chikhutiro. "Kukumbukira kwawo si lamulo."

A Nangondo atamva zimenezi sanapse mtima monga ankayembekezera anthu. Anangoti, "Ohoo," n'kupita kukafunafuna chipewa chaubweya ndi jekete lakale la mwamuna wawo.

Ku Zapita boma lonse limagona likadya nkhomaliro. Nduna zimagona, alembi amagona, alonda a pa geti amagona choimirira. Pa nthawi imeneyo a Nangondo anavula mwamuna wawo chisoti chachifumu, nachiika pa pilo, namuveka jekete ndi chipewa chaubweya, natuluka naye pa khomo la kukhitchini. Palibe anawaimitsa. Anthu a m'dzikolo ankadziwa chisoti, nkhope sankaidziwa.

Wometa wa pa msika, a Jekapu, anaikhazika Mfumu pa benchi n'kuyamba ntchito.

"Madala, mutu wanu ngwabwino, wosaphwanyikaphwanyika. Munkagwira ntchito yanji?"

Mfumu inaganiza kwa kanthawi. "Sindikukumbuka bwino. Koma ndikuona ngati sinali yolemetsa."

"Ndiye munali m'boma," anatero a Jekapu, akupukuta lumo.

Pa kachipatala panali mzere wa nkhalamba zimene anabwera nazo ana awo ndi akazi awo. Ena mwa okalambawa anali atanenedwapo ufiti m'midzi mwawo chifukwa chosochera ndi kuyankhula zosagwirizana, ndipo abale awo ankaoneka opepukidwa pongomva kuti ndi matenda okhala ndi dzina. Dokotala Chikopa atamuona wodwala watsopanoyu anamuzindikira, anayang'ana a Nangondo, nafunsa funso limodzi lokha.

"Ndilembe kuti ndani, amayi?"

"Lembani kuti a Mbewe, amuna anga."

Motero sabata ndi sabata ankabwera, pa minibasi yodumpha m'maenje a msewu wa ku Tazolowera. Pobwerera a Nangondo ankabweza chisoti pa mpala uja, ndipo poti chinali chachikulu chofika m'makutu, palibe anaona kanthu. Mfumu inaukonda ulendowu kuposa china chilichonse. Inkakhala pa benchi ndi nkhalamba zinzake, kugawana nazo chinangwa chootcha, ndi kudandaula nazo za dziko.

"Msewu umene tadzerawu ngwochititsa manyazi," inatero tsiku lina. "Kodi mfumu ya dziko lino ndani?"

"Ndi Tsekakhomo," anayankha mkulu wina wopanda mano.

"Ameneyo ngwaulesi. Wina akamuuze."

"Mukamuuze ndinu, achimwene. Ife tili ndi ana."

A Nangondo anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Zosintha zinabwera, koma zing'onozing'ono. Mfumu inayamba kupeza yokha nsapato zake. Inasiya kudzidzimuka masana. Tsiku lina inaimba nyimbo yonse ya ana asukulu imene inkaphunzitsa kale, osaphonya mawu. Inayambanso kutsata a Nangondo ndi maso kulikonse kumene apita, ndipo akatuluka m'chipinda inkakhala yosakhazikika mpaka abwerere. Koma dzina lokha ayi. A Nangondo ankayesa m'mawa, ankayesa madzulo. Ankalitchula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana, Mfumu n'kubwereza bwinobwino, koma pakangopita kanthawi linali litapita.

Chikondwerero chitayandikira, a Nangondo anamukokera dokotala pambali.

"Mwana wanga, wonjezera mphamvu. Zungulizako kabataniko."

"Sindingatero, amayi. Ndingawapweteke. Ndinanena kuti sindikulonjeza."

"Unanena, inde. Ndiwe wekha m'dziko muno amene ndimafuna ukananama."

Ndipo pamenepo, kuseri kwa kachipatala, pafupi ndi thanki ya madzi, mayi amene ankaopedwa ndi nduna zonse analira ngati kamwana. Atatha anapukuta m'maso, anamanga duku bwinobwino, nakatenga mwamuna wawo, poti boma linali pafupi kudzuka.

Tsiku la Chikumbutso linafika ndi ng'oma, mbendera ndi zolankhula zazitali zokumbutsa anthu kuti asaiwale chimene chinkakumbukiridwacho. A ku msika onse anabwera. Zolankhula zitatha, a Chikhutiro anaimiritsa a Nangondo patsogolo pa mpando wachifumu. Mayiwa anali atavala chitenje chawo chabwino kwambiri.

"Mwini Dziko," anatero a Chikhutiro, "tiuzeni dzina la mayi ali patsogolo panuwa."

Mfumu inawayang'ana a Nangondo nthawi yaitali. Milomo yake inagwedezeka. Inakwinya pamphumi, inatseka maso, inatsegulanso.

"Landithawa," inatero potsiriza, ndi mawu achisoni. "Linali pompano, koma landithawa."

A Nangondo anaweramitsa mutu. A Chikhutiro anatembenukira kwa anthu, manja ali m'mwamba.

"Mwamva nokha. Chimene Mfumu yaiwala sichinachitike. Mayi awa si mkazi wa Mfumu, ndipo sanakhalepo mkazi wa Mfumu."

"Taimani kaye, inu a mimba," inatero Mfumu. "Mwati mayi awa si akazi anga?"

"Ayi, Mwini Dziko."

"Nanga ndi akazi a yani?"

"Si a munthu aliyense, Mwini Dziko."

"Ndiye kuti ndi mbeta?"

A Chikhutiro anayang'ana anzawo. Lamulo linali lomveka, ndipo anali atangolinena okha. "Mwa lamulo, inde. Ndi mbeta."

Nkhope ya Mfumu inawala. Inadzuka pa mpando popanda woigwira, inakonza mkanjo, inatsika masitepe, n'kukaima patsogolo pa a Nangondo ikupotokola zala ngati mnyamata wa kumudzi.

"Mayi, pepani, dzina lanu sindikulidziwa. Koma ndaona kuti mukakhala pafupi mtima wanga umakhala m'malo, mukachoka ndimasowa pogwira. Anthu awa akuti muli nokha. Ine ndabwera ndi mawu. Ndikukufunani banja."

Mayi wa tomato ndiye anayamba kululuta, ndipo msika wonse unalandira. A Chikhutiro anayesa kunena kuti pali Nduna ya Zoimirira yoyenera kufunsira m'malo mwa Mfumu, koma nduna ija inali kumudzi kudikira tsitsi.

A Nangondo misozi inali ikutsika, koma mutu wawo sunasiye kugwira ntchito. Anayang'ana kumbali, nakanda pansi ndi chala cha kuphazi monga amachitira atsikana, nadikira phokoso lithe.

"Bambo, mawu anu ndawamva. Koma ine ndine mwana wa kwa eni ake, sindingotengedwa ngati nkhuku. Kwathu ku Tazolowera mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Ndi chikamwini. Ngati mukundifunadi, mukakhala kwathu."

"Zosatheka!" anakuwa a Chikhutiro. "Mfumu singakhale mkamwini! Likulu la dziko lili pamene pakhala Mfumu!"

"Ndiye likulu linyamuke," inatero Mfumu, osawayang'ana n'komwe. "Mayi, tsogolani. Ndi kutali?"

"Ndi pafupi. Pali minibasi."

Umu ndi mmene likulu la ufumu wa Zapita linasamukira ku kanyumba ka malata kuseri kwa msika wa Tazolowera, moyang'anizana ndi kachipatala kaja. Nduna zinalibe kuchitira mwina koma kutsatira. Galimoto zawo zitathyoka m'maenje sabata yoyamba, msewu unakonzedwa mwa liwiro limene linaopsa ngakhale oukonzawo. Bwalo linkakumana pansi pa mtengo wa mango, ndipo pamenepo kuiwalitsa Mfumu kunavuta, chifukwa aliyense wodutsa ndi dengu pamutu ankaikumbutsa kanthu. Ntchito za mkamwini, monga kusesa pabwalo ndi kukonza nkhokwe, zinagwera a Gwetsani atabwerako, ndipo ankazigwira akuimba.

Mfumu sinachire. Dokotala Chikopa anapitiriza kuiveka chipewa chake, tsopano poyera, ndipo anapitirizanso kukana kulonjeza. Panali masiku abwino ndi masiku a nkhungu. Dzina lija silinabwerere.

Tsiku lina chakumadzulo, nduna zitabalalika, awiriwa anakhala pakhonde, a Nangondo akusenda mtedza. Mfumu inawayang'ana cham'mbali kwa nthawi, inakhosomola, inasendeza mpando wake pafupi.

"Mayi, mundikhululukire, mutu wangawu umataya zinthu. Kodi ndinakufunsiraniko kale banja?"

A Nangondo anaika lichero pansi. Anasasa makoko a mtedza pa chitenje, anakonza duku, nakhala bwinobwino, manja pa mawondo.

"Ayi, bambo," anatero. "Simunandifunsirepo. Yambani, ndikumva."